Zikhomo za M'munda mwa Lefina

Ndinene poyamba penipeni, kuti pasakhale wondiyesa mngelo: tsiku limene madzi anang'amba munda wa Lefina, ine Malita ndinakondwa. Ndine mayi wa Chigwirizano, Lachinayi lililonse ndimavala zoyera n'kukaimba kutchalitchi, komabe ndinakondwa mpaka mtima kuti myaa.

Chifukwa chake chilipo. Boma litabweretsa ndondomeko yosamalira nthaka ndi madzi kwathu kuno kufupi ndi Santhe, kalabu iliyonse ya alimi inauzidwa kuti ikhale ndi mlimi wachitsanzo mmodzi. Munda wake uzikhala sukulu ya anzake, ndipo mvula yoyamba ikadutsa munda uli bwino, alandire pampu ya sola yothirira kudimba. Pampu ya sola, abale! Ine msana wanga watha ndi makheni kuyambira ndili mtsikana. Ndakhala mlembi wa kalabu zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo manyowa ndinayamba kupanga anthu akundiseka. Koma alangizi athu a zaulimi, a Mphepo, anangondidumpha n'kukaloza Lefina, mayi wamasiye amene wabwerera kuno dzana lomweli. Ine anandilemba wachiwiri. Wachiwiri, ngati kuti ndi mitala!

Tsiku ndikunenalo linali Lolemba, mvula inayamba masana, ya mkuntho, yosaona ndi khomo la mnzako. Itakata tinamva kufuula. Kalozera wa kumtunda kwa munda wa Lefina, mzere waukulu uja woyenera kugwira madzi kuti alowe m'nthaka, anali ataphulika chakum'mawa. Madzi anakumba chigwembe chofika m'chiuno, kutsetsereka munda wonse mpaka kudambo. Chimwemwe changa chinathera pomwepo, chifukwa kumunsiko kunali nazale ya fodya ya achimwene anga, a Sunganani. Mabedi asanu ndi limodzi, mbande zoti awokere sabata yomweyo, zonse zinapita.

M'mawa mwake a Mphepo anandipeza pakhomo, matope a njinga yamoto ali thoo mpaka m'mawondo.

"Mayi mlembi, zinthu zavuta," anatero akupukuta magalasi. "Lachisanu mabwana a ku boma akubwera ndi pampu. Pologalamuyi ili ndi lamulo lake. Zikapezeka kuti mlimi wachitsanzo ndiye analakwitsa, pampu ipita kwa wachiwiri."

"Wachiwiri ndani kodi?" ndinafunsa ngati sindikudziwa.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Lipoti sindingalembe ine, poti mundawo ndinayeza ndine. Inu mufunse anthu, mulembe zimene zinachitika. Muli ndi masiku atatu."

Ndinatenga kope ndi bolopeni n'kunyamuka ngati wapolisi. Koma kunena zoona, chigamulo ndinali nacho kale m'mutu.

* * *

Achimwene ndinawapeza ali chilili pamene panali nazale, miyendo itamira mumchenga. Iwowa sadziwa kuyankhula motsitsa ngakhale pamaliro.

"Lemba, mlongo wanga, lemba! Zaka makumi awiri ndikufesa pano, madzi sanandibereko mbande ndi imodzi yomwe. Kwabwera nzeru za m'mabuku, taona! Ndiwokera chiyani chaka chino, mchenga? Mayi ameneyu ndikamusiya m'manja mwa apolisi, ndalumbira!"

"Tsiku lounda kalozerayo munalipo, achimwene?"

"Ndinalipo! Kalabu yonse inalipo Loweruka lija, kupatula iwe ndi mutu wako uja."

Mutuwo unali wabodza. Sindinafune kukathyola msana m'munda wa munthu amene wandilanda malo, ndiye ndinamanga duku n'kugona.

"Lefina analipo?"

"Kunalibe. Anali kumwana wake wodwala. Ife tinangotsata zikhomo zimene tinapeza, n'kuzikwirira mumzere momwemo monga amanenera alangizi. Ndipo chakum'mawako zinali zowongoka bwino, kuti nyoo, ngati mizere ya paesiteti. Mpaka ndinayamikira, tsoka ine!"

"Zinali za mtengo wanji?"

"Aa, iwe! Ndani amayang'ana nkhope ya chikhomo? Lemba zoti ndaferedwa, basi!"

Ndinalemba mawu oti zowongoka, n'kuwadutsa osawaganizira.

* * *

Lefina ndinamupeza m'chigwembe momwemo, akuyala miyala ndi mapesi kuti chisakule. Manja ake anali atang'ambika. Mayi ameneyu chimene chimandinyansa n'chakuti ngakhale ali m'matope amaoneka ngati akudziwa chimene akuchita.

"Mwabwera ndi kope, mayi a Fundo," anatero motsitsa. "Funsani."

"Kalozera ameneyu anayeza ndani?"

"Ine ndi alangizi, Lachitatu lina pakati pa Okutobala. Iwo ankayang'ana levulo, kachipangizo koonetsa ngati malo alingana, pachingwe, ine ndikuzika zikhomo."

"Zikhomo zanji?"

"Za chinangwa. Mitengo ndiipeza kuti kuno, poti yonse inathera m'zigafa? Ndinadula mitengo ya chinangwa kudimba. Pansi panali gwaa, ndiye paliponse ndinkakumba pang'ono, kuthira kapu ya madzi, kuzika, n'kutsendera matope kuti mbuzi zisagwetse."

"Kenako?"

"Madzulo omwewo foni inabwera yoti mwana wanga Liness wadwala kusukulu ku Nkhamenya. Lachinayi m'mamawa ndinakwera, ndinakakhala masiku asanu ndi anayi. Pobwera ndinapeza kalozera ataundidwa kale."

"Simunaone chachilendo?"

Anaika mwala pansi. "Ndinaona. Chakum'mawa kuja ife tinakhotetsa kukwera kumtunda, koma ndinapeza mzere wowongoka. Ndinadabwa. Koma anthu andigwirira ntchito tsiku lonse ine kulibe, ndikanayamba bwanji kuwafunsa? Ndinangodzala udzu wa vetiva n'kuthokoza."

"Ndiye kuti munaona cholakwika n'kukhala chete," ndinatero, bolopeni ikuthamanga yokha.

"Lembani choncho, ndi zoona." Anawerama kutolanso mwala. "Pampuyo ndikudziwa kuti mumaifuna, mayi a Fundo. Inenso ndimaifuna. Mungolemba chilungamo."

Mawu amenewo anandilasa kuposa kutukwana. Ndinatseka kope n'kukwera kumtunda kuti ndikatulukire njira ya kumsika. Kumtunda kwa kalozera kuli katsala kamene Lefina salima. Ndikudutsa pamenepo phazi langa linagunda kanthu. Nditayang'ana pansi ndinaona timasamba tofiirira, tanthete, tonga tizala. Chinangwa! Patsala, pamene palibe anadzalapo kanthu.

Patsogolo pang'ono panali china. Kenako china. Ndinaziwerenga, zinakwana khumi ndi chimodzi, zitandandalikana mokhota kukwera kumtunda, ndendende monga ananenera Lefina. Ndinafukula chimodzi ndi chala. Kamtengo kake sikanadulidwe ndi mpeni, kanathyokera pansi penipeni. Munthu wina anayesa kuzula zikhomo zija, matope ouma aja anakana, zinamuthyokera m'manja. Zitsa zinatsala m'nthaka, ndipo mvula ya chizimalupsa itagwa zinaphuka.

Ndinayang'ana uku ndi uku. Lefina anali kumunsi, atandifulatira. Kuzula kakhumi ndi kamodzi kokha, pampu ikanakhala yanga. Dzanja langa linali litagwira kale kamtengo koyamba pamene belu la njinga linalira kumbuyo kwanga.

* * *

Anali Patuma, amene amagulitsa matimati ndi mandasi pa Santhe. Njira yake ya tsiku ndi tsiku imadutsa pamwamba pa mundawo, ndipo pakamwa pake sipakhala ndi chitseko.

"Iii, mayi mlembi, mwayamba kuba ndiwo za chigwada m'minda ya eni?" anaseka atatsitsa phazi limodzi. "Koma munda uwu uli ndi uchi, eti? Banja lonse likungouzungulira."

"Banja lanji?"

"Aa, ine sindinanene kanthu, mama. Ine ndi matimati anga basi."

"Patuma, tsika panjingapo."

Anatsika, maso akuwala ndi kukoma kwa nkhani. "Mwezi watha, dzuwa likungotuluka kumene, ndinakumana ndi bambo a kunyumba kwanu akutuluka muno. Thukuta lili kamukamu, chingwe chili paphewa. Ndikuti mwadzuka bwanji a Kalekeni, iwo nkhope kumbali, ngati sitidziwana. Ndinangoti hee, amasiye a masiku ano ali ndi mwayi, mpaka alendo a m'mamawa!"

Dziko linazungulira. A Kalekeni, amuna anga amene ndakhala nawo zaka makumi awiri ndi zitatu, bambo a Fundo! Ndiye kuti mayi ameneyu sanakhute ndi pampu yokha? Ndinaona kale m'maganizo momwe ndikam'kokere m'chigwembemo ndi duku lake.

"Linali liti?" ndinafunsa.

"Lachisanu. Ndikukumbuka chifukwa mawa lake ndi lija a kalabu ankaunda mzerewu, ndinawabweretsera mandasi. Achimwene anu anadya asanu okha."

Ndinamusiya akuseka n'kuyamba ulendo wa kunyumba, chitenje chikundikola m'miyendo. Ndinakumbuka m'mawa umenewo. Anandiuza kuti akupita pa Santhe kukafuna masipoko a njinga, ndipo anabwera opanda sipoko ndi imodzi yomwe. Bodza! Ndinali nditakonza kale mawu oyamba, achiwiri ndi achitatu.

Ndili pamlatho wa mitengo ndinaima. Lachisanu lija Lefina kunalibe. Anali atakwera Lachinayi, anali ku Nkhamenya pambali pa bedi la mwana wake. Ndinapumira m'mwamba, mpaka ndinaseka ndekha ngati wamisala. Amuna anga sanapite kwa mkazi.

Kuseka kunandithera pakamwa. Ngati mwini munda kunalibe, bambo a Fundo ankafunamo chiyani ndi chingwe?

* * *

Lachitatu m'mawa nkhani ya chinangwa inali itafika kale pa Santhe, Patuma atayenda nayo pakaliyala wa njinga yake. A Mphepo anabwera ndi ndodo zawo ziwiri, chingwe ndi levulo. Ine ndinagwira ndodo imodzi, Lefina inzake. Tinayenda pazitsa zophuka zija chimodzichimodzi, ndipo paliponse kadontho ka mulevulo kankakhala pakati, phee. Titayeza kalozera woundidwayo, kadontho kanathawira kumbali.

"Mwaona?" anatero alangizi. "Mzere wa chinangwawu ndi umene tinayeza. Uwu woundidwawu ukutsetsereka. Madzi onse a kumtunda, m'malo moima n'kulowa pansi, ankathamangira pangodya imodzi ngati mungalande. Ukanalephera bwanji kuphulika?"

"Ndiye kuti Lefina alibe mlandu?" ndinafunsa.

Anapukusa mutu. "Ine ndikukhulupirira choncho, koma mabwana sakhulupirira. Taziona kambiri zimenezi. Mlangizi ukayeza n'kuchoka, mwini munda amasuntha yekha zikhomo, chifukwa alimi a fodya mizere yokhota imawanyansa. Adzati anasuntha Lachitatu madzulo asanakwere. Pokhapokha papezeke umboni woti ndi dzanja la munthu wina."

Lefina anaika ndodo pansi n'kubwerera ku miyala yake, alangizi n'kumutsatira kukajambula chigwembe pafoni. Ine ndinatsala ndekha pakalozera, khasu la Lefina lili pambali. Achimwene anati zikhomo anazikwirira mumzere momwemo. Ndinayerekeza mtunda wa pakati pa zikhomo, n'kukumba pafupi ndi pophulika paja. Kachitatu khasu linagunda mtengo.

Ndinasolola chikhomocho. Sichinali chinangwa. Chinali chidutswa cha mkangala, ndodo zija timapachikapo fodya, chosongoledwa mbali imodzi. Nditachipukuta ndi chitenje chinatsala chakuda bii, ndipo nditachinunkhiza ndinamva utsi ngakhale chinagona m'nthaka mwezi wathunthu.

M'mudzi mwathu aliyense amalima fodya wa bale, wouma ndi mphepo m'zigafa, ndipo mikangala yake imakhala yotuwa. Fodya wa chikopa, wofukiza ndi utsi mpaka mikangala kuda ndi mwaye, anthu anamusiya kalekale. Balani lofukizira latsala limodzi lokha, ndipo lili kuseri kwa nyumba yanga.

"Mwapezapo kanthu, mayi mlembi?" anafuula a Mphepo ali kumunsi.

"Ayi, miyala yokhayokha," ndinayankha, chikhomo ndikuchilowetsa m'chiuno mwa chitenje.

* * *

Tsiku lonselo ndinayenda nacho, chikundibaya m'nthiti. Lachinayi masana ndinavala zoyera zanga za Chigwirizano, koma m'malo molowera kutchalitchi ndinazungulira kuseri kwa nyumba. Pamulu wa mikangala pambali pa balani ndinapeza isanu yofupika, yodulidwa ndi chikwanje posachedwa. Ndinatulutsa chikhomo changa n'kuyesa. Pa wachitatu chinalumikizana ngati sichinadukepo.

"Ukufuna chiyani pamenepo?"

Anali a Kalekeni, ataima pakhomo pa balani ndi khasu losakhomera. Amuna anga ndi munthu wa mawu ochepa. Anakhala kapitawo paesiteti ya fodya zaka khumi ndi zisanu, ndipo mpaka lero ngakhale bedi la mpiru salipanga popanda kukoka chingwe.

Ndinawaonetsa zidutswa ziwirizo, chimodzi dzanja ili, china dzanja ilo. Anaziyang'ana, kenako anakhala pansi pachitsa.

"Masipoko aja munagula, bambo a Fundo?"

"Usandizungulire, Malita. Wadziwa."

"Ndikufuna ndimve pakamwa panu."

"Miyezi itatu," anatero akuyang'ana pansi. "M'mawa Lefina. Masana Lefina. Ndikati ndipume, Lefina ndi pampu yake. Unandiuza chiyani tsiku lija unaswa mbale? Unati mwamuna weniweni sangangokhala mkazi wake akupondedwa."

Ndinanenadi. Ndinanena kangapo, ndipo mbale sinali imodzi.

"Sindinakutumeni kukaononga munda wa munthu!"

"Sindinafune kuononga. Ndinkafuna mzere udumuke pang'ono pangodya, mabwana aone, aziti sadziwa ntchito. Basi. Zikhomo zake zinandithyokera, ndiye ndinabwera kudzadula zanga."

"Nanga kuwongola chonchija? Mwana aliyense wa mupologalamu akudziwa kuti kalozera amakhota."

Anatambasula manja awo, akuwayang'ana ngati a munthu wina. "Ndinayesa kukhotetsa. Dzanja langa silidziwa mzere wokhota. Ndinangozindikira ndakoka chingwe."

"Ndi nazale ya achimwene?"

"Sindinaiganize. Mulungu akundiona, sindinayang'ane kumunsi. Lolemba lija nditamva alamu akulira, ndinadziwa chimene ndachita." Anakweza maso. "Malita, ine pano ndine mkamwini. Munda ndi wanu, malo a nyumba ndi anu. Alamu akamva, ndinyamula bulangete langa lokha. Zaka makumi awiri ndi zitatu. Ponya kamtengoko pamoto. Palibe waona. Mawa pampu ndi yako, ndipo mbande za alamu ndiwagawira zanga."

Ndinayang'ana kukhitchini. Moto unali ukuyaka, mapazi khumi okha kuchokera pamene ndinaima. Ndinayenda mpaka pakhomo pake. Kenako ndinaona kuti mwaye wadetsa bulauzi yanga yoyera kutsogolo konse, ndipo ndinangoima pamenepo ndikupukuta, ukungofalikira.

Kutchalitchi sindinapite. Chikhomo sindinachiotche, komanso sindinauze munthu.

* * *

Lachisanu anthu anadzaza pansi pa mitengo ya mango pabwalo la kalabu. Galimoto ya boma inafika dzuwa lili pamutu. Anatsitsa pampu n'kuiika patebulo, yabuluu, yonyezimira, magalasi ake a sola atatsamira kumwendo kwa tebulo, mapaipi atakulungidwa bwino. Ndinaiyang'ana mpaka malovu kudzaza m'kamwa. Ndinaona kale dimba langa mu Ogasiti lili biriwiri, ine nditakhala pamthunzi manja ali pamiyendo.

Bwana wake anali mayi wamtali wa nsapato zosazolowera matope. Anandiuza kuti ndiwerenge lipoti, ndipo ndinawerenga. Zonse zinali zoona: mawu a achimwene, mawu a Lefina oti anaona mzere wowongoka n'kukhala chete, chinangwa chophuka, kadontho ka mulevulo. Za Patuma ndi za balani munalibe. Patumayo anali kumsika, ndipo ine ndinadziwa kuti adzakhala kumsika.

"Zikomo, mayi mlembi," anatero bwanayo. "Boma likuika chuma chambiri kuti nthaka yathu isathere kumitsinje. Mlimi wachitsanzo akasuntha zikhomo za alangizi, ena atengera chiyani? Umboni woti anasuntha munthu wina palibe. Mayi Lefina, muli ndi mawu?"

Lefina anaimirira, manja omanga nsanza ali kutsogolo. "Sindinasunthe, bwana. Koma amene anasuntha sindikumudziwa."

"Akanene kupolisi zimenezo!" anakuwa achimwene.

"Ndiye malinga ndi lamulo la pologalamu," anapitiriza bwanayo, "pampu ipita kwa wachiwiri. Mayi Malita, bwerani kutsogolo."

Ndinanyamuka. A Kalekeni anali kumbuyo kwenikweni, atatsamira njinga, chipewa chili m'maso. Ndinafika patebulo n'kuika dzanja papampu. Inali yofunda ndi dzuwa, yosalala. Bwalo lonse linali zii, chifukwa anthu sanadziwe ngati n'koyenera kululutira.

Ndiye munthu mmodzi anayamba kuomba m'manja. Pang'onopang'ono, kuombako kosamveka bwino chifukwa cha nsanza za m'manja. Ndinacheuka. Anali Lefina, misozi ikutsika, koma akuomba.

Akanatukwana, ndikulumbira, pampu ija ndikanainyamula pamutu mpaka kunyumba. Akanandiloza chala, ndikanamuyankha mpaka dzuwa kulowa. Koma kuomba m'manja! Ngakhale pamenepo, atalandidwa zonse, mayi ameneyu anali akundiposabe, ndipo ndinadziwa kuti adzandiposa tsiku lililonse limene pampuyo idzalire m'dimba mwanga. Musandiyese woyera mtima. Nsanje yomweyo ndi imene inalowetsa dzanja langa m'chitenje.

Ndinaika chikhomo patebulo, pambali pa pampu.

"Lipoti langa ndi loperewera, bwana. Ichi ndinachikumba mukalozera wa Lefina Lachitatu. Mukakumba mupezamo zina khumi."

Bwanayo anachiyang'ana osamvetsa, koma alimi a fodya sanafune kuwamasulira. Achimwene anadumpha n'kuchitola. Anachikanda ndi chikhadabo, anachinunkhiza, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire changa ndinawaona akusowa mawu. Anatembenuka pang'onopang'ono. Bwalo lonse linatembenuka nawo.

"Alamu?" anatero motsitsa.

A Kalekeni anavula chipewa. Sanakane.

"Dzanja ndi lawo," ndinatero, "koma pakamwa pamene panawatuma ndi panga. Mulembe zonse ziwiri, a Mphepo. Kope ili, ine ndalephera."

* * *

Kupolisi nkhani sinafike, chifukwa Lefina anakana kukadandaula, ndipo achimwene analandira mbande zathu zonse. Koma Lamulungu m'mawa, anthu akupita kutchalitchi, a Kalekeni anamanga bulangete pakaliyala, chingwe chawo chija pamwamba, n'kupalasa kulowera kwawo ku Simlemba. Achimwene anati akadzapola mtima tidzakambirana. Mpaka lero sanapole. Pochoka amuna anga sanandikalipire. Anangoti, "Ndinkafuna uziseka pakhomo pano," n'kukwera.

Kalozera uja tinamuundanso kalabu yonse, kutsata chinangwa chophukacho, ndipo ulendo uno mutu sunandipweteke. Mvula yonse ya chaka chimenecho anaigwira, osadontha.

Tsopano ndi Ogasiti. Dimba la Lefina lachita malire ndi langa, ndipo dzuwa likangokwera pampu yake ija imayamba kung'ung'udza. Ine ndimatsika kuchitsime ndi makheni anga awiri, kukwera, kutsika, wondilandira palibe. Sabata yatha ndinapeza paipi yabuluu itadutsa pansi pa mpanda, kukamwa kwake kutagona pabedi langa la anyezi, madzi akutuluka. Lefina anali tsidya lake atawerama, ngati sakudziwa kanthu.

Ndinaima pamenepo makheni ali m'manja, mtima ukuwawa ngati tsiku loyamba lija. Ndinafuna kuiponyera kwawo paipiyo. Koma anyezi anali atafota, ndipo msana unali ukundipweteka. Ndinatula makheni, ndinatola paipi, n'kuyamba kuthirira ndikulira.